Bambo ali ndi chotupa pa kapamba: kodi tivomere opaleshoni?

Mayi wina wa ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, wafunsa motere: "Bambo anga a zaka 63 akhala ndi chikasu miyezi iwiri. Thupi likuwayabwa usiku wonse, mkodzo ndi wakuda, ndipo aonda kwambiri. Ku Lilongwe anawajambula, akuti pali chotupa kumutu kwa kapamba ndipo pangafunike opaleshoni yaikulu. Abambo aakulu akukana, akuti khansa ikaona mpeni imalusa. Ine ndawerenga pa foni kuti ambiri amafa ndi sepsis akachitidwa opaleshoniyi. Kodi ofufuza anapeza zotani? Tivomere?"

Mayi, pepani ndi matenda a bambo. Ndisanafike kwa ofufuza, ndinene kaye chimene sichidikira msonkhano wa pabanja. Chikasu chotere chimabwera chifukwa njira ya ndulu yatsekeka, ndipo ndulu ikaima tizilombo timaswanamo mosavuta. Bambo akayamba kutentha thupi, kunjenjemera mpaka mano kugundana, kapena kuyankhula zosokonekera, tsiku lomwelo akhale ali kuchipatala. Kunyanja kuno thupi likatentha aliyense amathamangira kunena kuti ndi malungo, ndipo nthawi zambiri amakhaladi malungo. Koma kwa bambo, ngakhale kachipangizo koyezera kataonetsa mizere iwiri, perekani kabuku kawo ka kuchipatala ndipo nenani kuti ali ndi chotupa chotseka ndulu. Zizindikirozi zitha kukhala za sepsis, pamene thupi polimbana ndi tizilombo layamba kuwononga ziwalo zake zomwe. Munthu atha kukhala ndi malungo ndi sepsis pa nthawi imodzi, ndipo LA sachiza sepsis.

Kapamba amene tikunena pano ndi uja amapanga insulin, yowongolera shuga m'magazi, ndi madzi ogaya chakudya. Ali kuseri kwa chifu, chakumsana. Mutu wake wazunguliridwa ndi chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, ndipo njira ya ndulu yochokera kuchiwindi imadutsa m'mutu momwemo. N'chifukwa chake kachotupa kakang'ono pamalo amenewa kamasandutsa munthu wachikasu. Ziwalozi zimalandira magazi pa mitsempha imodzi, ndiye mutu wa kapamba suchotsedwa wokha. Dokotala amachotsa mutuwo, chigawo cha matumbocho, thumba la ndulu, mbali ya njira ya ndulu, nthawi zina ndi mbali ya chifu. Akatero amakoka matumbo otsala n'kuwalumikiza malo atatu: ku kapamba wotsala, ku njira ya ndulu, ndi ku chifu. Imeneyi ndiyo opaleshoni ya Whipple, yotchedwa dzina la Allen Whipple, dokotala wa ku New York amene anaifotokoza mu 1935.

Mantha amene mwawerenga ali ndi pochokera. Cha m'ma 1960 ndi m'ma 1970, mwa odwala anayi ochitidwa opaleshoniyi mmodzi ankafera m'chipatala, moti madokotala ena otchuka ankanena poyera kuti ingosiyidwa. Mmodzi mwa amene anasintha zinthu ndi John Cameron wa pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore. Mu 2006 iye ndi anzake anasindikiza zotsatira za maopaleshoni 1,000 a Whipple amene anachita ndi manja ake kuyambira 1969 kufika 2003. Amene anafa ndi opaleshoniyo anali mmodzi pa 100 alionse. Koma pali nambala ina m'kafukufuku yemweyo imene anthu sakonda kuitchula, pomwe ndi imene imandiphunzitsa zambiri: odwala pafupifupi 40 pa 100 alionse anapezabe vuto lina atachitidwa opaleshoni. Ena chifu chinachedwa kuyamba kugwira ntchito, ena msoko unadontha, ena bala linachita mafinya. Mavuto sanathe ayi, ngakhale kwa katswiri wotere. Chimene chinachepa kwambiri ndi kufa nawo mavutowo.

Wofufuza wina wa ku America, John Birkmeyer, anafunsa funso limene madokotala ambiri sankafuna kulimva: kodi zili ndi kanthu kuti wachitidwira kuti? Mu 2002 anasindikiza kafukufuku wa maopaleshoni pafupifupi 2.5 miliyoni a anthu achikulire. Pa maopaleshoni onse amene anaunika, kusiyana kwakukulu kunali pa kapamba. M'zipatala zochita opaleshoniyi mwa apo ndi apo, odwala 16 pa 100 alionse ankafa. M'zipatala zoichita koposa ka 16 pachaka, ankafa anayi okha pa 100. Dziko limodzi, mankhwala amodzimodzi, koma ngozi yosiyana kanayi.

Poyamba anthu anati ndi luso la dzanja basi. Luso lilipo, sindikukana. Koma mu 2009 Birkmeyer ndi anzake awiri, Amir Ghaferi ndi Justin Dimick, anaonetsa zina. Anaunika odwala oposa 84,000 ochitidwa maopaleshoni osiyanasiyana, n'kuyerekeza zipatala zimene anthu amafa ochepa ndi zimene amafa ambiri. Mavuto obwera pambuyo pa opaleshoni anali pafupifupi ofanana konseko, wodwala mmodzi mwa anayi. Kusiyana kunali pa zimene zinkachitika vuto likayamba. Mwa odwala amene anapeza vuto lalikulu, m'zipatala zoyambazo ankafa 12 kapena 13 pa 100, pamene m'zinazo ankafa 21. Anthu sanafe chifukwa vuto linabwera. Anafa chifukwa linaonedwa mochedwa, kapena linaonedwa koma panalibe womuwombola wodwalayo.

Nanga vuto lenileni pa kapamba n'chiyani? Mwa misoko itatu ija, wovuta ndi wa kapamba. Matumbo ali ndi khungu lolimba logwira ulusi. Kapamba alibe. Akakhala wofewa, kumusoka kuli ngati kusoka papaya wakupsa: ukakoka pang'ono ulusi umadula, ukalekerera pamadontha. Ndipo chodonthacho si madzi wamba, ndi madzi ogaya nyama. Akatayikira m'mimba amadya minofu yozungulira, amasakanikirana ndi tizilombo ta m'matumbo, pamadikha mafinya. Nthawi zina amadya ngakhale mtsempha wa magazi, wodwala n'kutaya magazi mwadzidzidzi sabata yachiwiri, pamene achibale ayamba kale kuthokoza. Mu 2005 gulu la madokotala lotsogozedwa ndi Claudio Bassi wa ku Verona, ku Italy, linagwirizana njira imodzi yodziwira kudonthaku: kuyeza amylase, chimodzi mwa zogaya chakudya zochokera ku kapamba, m'madzi otuluka pa kapaipi kamene dokotala amasiya pamimba kuyambira tsiku lachitatu. Akakhala wokwera kupitirira katatu mlingo wake wa m'magazi a munthu wabwinobwino, ndiye kuti pakudontha. Zimaoneka zazing'ono, koma asanagwirizane chipatala chilichonse chinkawerenga mwa njira yake ndipo panalibe poyerekezera.

Apa ndi pamene nkhani ya kapamba imakumana ndi sepsis. Sepsis ndi pamene thupi, polimbana ndi tizilombo, layamba kuwononga ziwalo zake zomwe: impso zimasiya kupanga mkodzo, BP imatsika, mapapo amalephera, mutu umasokonekera. Si matenda a ochitidwa opaleshoni okha. Imagwira mayi amene wangobereka, khanda, munthu wa chibayo. Kafukufuku amene Kristina Rudd ndi anzake anasindikiza mu 2020 anayerekeza kuti mu 2017 panali odwala sepsis pafupifupi 49 miliyoni padziko lonse, ndipo 11 miliyoni anafa. Mwa imfa zisanu zilizonse imodzi inali yokhudzana ndi sepsis, ndipo katundu wolemera anagwera kuno kumwera kwa Sahara.

Kafukufuku amene ndimamulemekeza kwambiri pa nkhani yanu anachitikira ku Netherlands ndipo anasindikizidwa mu 2022. Dzina lake ndi PORSCH. Zipatala 17 za dzikolo zimene zimachita opaleshoni ya kapamba zinagwirizana kuti tsiku lililonse wodwala aliyense aziunikidwa motsata ndondomeko imodzi: kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kupuma, magazi, ndi madzi a pa kapaipi. Ndondomekoyo inkanena nthawi yojambula, nthawi yolowetsa kapaipi kokoka mafinya, ndi nthawi yoyamba mankhwala opha tizilombo, popanda kudikira kuti wodwala afike pokomoka. Sanabweretse mpeni watsopano kapena mankhwala atsopano. Imfa za m'masiku 90 oyamba zinatsika kuchoka pa 5 kufika pa 3 pa 100 alionse.

Mwina mukuti, zonsezi ndi za kwa azungu. Za kuno ziliponso. Bruce Biccard wa ku Cape Town anatsogolera kafukufuku wa m'maiko 25 a mu Africa, wa odwala 11,422, amene anatuluka mu 2018. Odwala athu anali aang'ono msinkhu ndi amphamvu kuposa a maiko olemera, ndipo mavuto a pambuyo pa opaleshoni anali ochepa. Chikhalirecho ngozi ya kufa inali yowirikiza kawiri. Vuto lofala kwambiri linali la tizilombo, ndipo mwa amene anafa, 94 pa 100 sanafe tsiku la opaleshoni. Anafa masiku otsatira, ali pa bedi m'wodi. Gulu lomwelo linayesanso kuika odwala oopsa pafupi ndi tebulo la anamwino, kuwayeza pafupipafupi, ndi kulola achibale kukhala nawo. Zotsatira zake mu 2021 zinaonetsa kuti imfa sizinatsike. Zimenezi zinatipweteka ambiri, koma ine ndimazimva chonchi: kuona kokha sikukwanira ngati usiku umenewo palibe wojambula, palibe magazi, palibe dokotala wotsegulanso pamimba.

Ndiye funso lanu lisakhale lakuti "opaleshoniyi imapha kapena ayi". Likhale lakuti "ichitikira kuti, ndipo tsiku lachisanu usiku bambo akatentha thupi kudzakhala ndani?" Mukakumana ndi dokotala wa opaleshoni mufunseni mwaulemu koma mosabisa mawu. Opaleshoniyi pano imachitika kangati pachaka? Bedi la m'chipinda cha odwala mwakayakaya lasungidwa? Msoko ukadontha, alipo wolowetsa kapaipi moona pa makina, kapena pamafunika kutsegulanso? Magazi tikonze mabotolo angati? Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa, ndipo amene amaidziwa ntchitoyi amayankha msanga chifukwa ndi zomwezo zimene zimamusowetsa tulo. Mufunsenso za mwayi wotumizidwa kunja kudzera ku Unduna wa Zaumoyo, koma muzikumbukira kuti chotupa chotere sichidikira miyezi yambiri. Chimene chingachotsedwe lero chitha kukhala chosachotseka pakatha miyezi itatu.

Inu monga gadiyani muli ndi ntchito, ndipo si yophika phala ndi kuchapa zokha. Namwino mmodzi usiku amayang'anira odwala ambiri, pamene inu mukuyang'anira mmodzi. Gulani kope. M'mawa, masana, madzulo ndi pakati pa usiku, yang'anani pachifuwa pa bambo ndipo werengani mpweya kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya pafoni. Ukafika 22 kapena kupitirira, nenani. Onani thumba la mkodzo ngati likuwonjezekera, maola angapo likangokhala pamodzimodzi nenani. Onani madzi a pa kapaipi ka pamimba. Masiku oyamba amakhala ofiirira pang'ono, oonekera. Akasanduka ambuu, otuwa kapena onunkha, nenani. Mukaonamo magazi ofiira atsopano, ngakhale supuni imodzi, kapena bambo akasanza magazi, musadikire kuti kuche, chifukwa kadontho koyambako kamatsogolera kutaya kwakukulu. Ndipo chizindikiro chimene inu mungachione msanga kuposa dokotala aliyense ndi mutu. Bambo akakuitanani dzina la mlongo wawo, akamafunsa za ngalawa ali m'wodi, akamangogona osafuna kudzuka, musati ndi ukalamba kapena mankhwala a tulo. Mukapita kwa namwino musangoti "sakupeza bwino". Nenani kuti, "A nesi, mpweya unali 18 m'mawa, pano uli 26, ndipo mkodzo sunawonjezekere chichokereni masana." Mawu otere amadzutsa munthu pampando.

Pali zina ziwiri za sepsis zimene kafukufuku wa kuno kwathu anaphunzitsa dziko lonse, ndipo zikukukhudzani. Choyamba ndi dilipi. Achibale ambiri mtima umakhala pansi akaona mabotolo akutsatizana, ndipo amadandaula namwino akachepetsa liwiro. Mu 2001 Emanuel Rivers wa ku Detroit anaonetsa kuti kuthamangira wodwala sepsis m'maola oyamba, kuphatikizapo kumupatsa madzi ambiri, kunatsitsa imfa, ndipo dziko lonse linatsatira. Koma mu 2011 Kathryn Maitland ndi anzake anayesa kuthira madzi mofulumira pa ana oposa 3,000 odwala kwambiri ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, ndipo ana olandira madziwo anafa ochuluka kuposa amene sanalandire. Mu 2017 Ben Andrews ndi anzake anapeza zofanana pa akuluakulu ku Lusaka: mwa olandira madzi ambiri motsata ndondomeko anafa 48 pa 100, mwa osamalidwa monga mwa nthawi zonse anafa 33. Kumene kulibe makina okwanira othandizira kupuma, madzi opitirira muyeso amadzaza mapapo. Choncho musatsegule dilipi nokha, ndipo musayese chisamaliro powerenga mabotolo.

Chachiwiri ndi mankhwala opha tizilombo. Patrick Musicha, wofufuza wa ku Malawi konkuno, ndi anzake a ku bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika magazi a odwala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 kufika 2016. Anapeza kuti tizilombo tambiri tasiya kumva mankhwala a gulu la ceftriaxone, jekeseni amene zipatala zathu zimadalira kwambiri. Pa kachilombo ka Klebsiella, tosamva tinakwera kuchoka pa 12 kufika pa 90 pa 100 tilitonse. Pa E. coli tinafika pa 30. Timeneti ndi tizilombo ta m'matumbo, tomwe tija timalowa m'ndulu yoima ndi pa msoko wodontha. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti bambo akayamba jekeseni ndipo masiku awiri apita osasintha, funsani ngati magazi kapena mafinya atumizidwa ku labu kuti aone mankhwala amene tizilomboto tikumva. Ndipo panopa, ali kunyumba, musawagulire makapisozi pa golosale kuti chikasu chithe. Sichitha, koma mudzakhala mwaphunzitsa tizilombo kupirira tsiku lofunika lisanafike. Mankhwala azitsamba nawo asiyeni kaye, chiwindi chawo chili kale pa mavuto.

Tsopano za abambo aakulu. Musawatenge ngati osadziwa kanthu, chifukwa zimene akunena anazionapo: munthu anatsegulidwa, anatsekedwa, patapita miyezi iwiri anamwalira. Koma chinachitika si chakuti mpeni unalusitsa khansa. Khansa ya kapamba imabisala nthawi yaitali, ndipo ngakhale m'maiko olemera ndi odwala 15 mpaka 20 okha pa 100 amene amapezeka chotupa chikadali chochotseka. Ena onse chimakhala chagwira mitsempha ikuluikulu ya magazi kapena chafika kuchiwindi, ndipo nthawi zina timbewu take timakhala tating'ono moti sikani sitiona mpaka dokotala atatsegula. Mpeni unangopeza zimene zinalipo kale.

Ndikuuzeninso zoona zowawa, popeza mwafunsa ngati munthu wamkulu. Ngakhale chotupa chitachotsedwa bwino, khansa ya kapamba imakonda kubwerera. M'kafukufuku wa Cameron uja, mwa odwala khansa ya mutu wa kapamba amene anachitidwa opaleshoni, osakwana mmodzi mwa asanu ndiwo anafika zaka zisanu. Mankhwala a khansa olandira pambuyo pa opaleshoni akweza nambalayi, ndipo ndi mbali ya chithandizo, osati chowonjezera. Komabe opaleshoni ndiyo njira yokhayo yodziwika yochizira khansayi. Ndiponso si chotupa chilichonse cha pamalopa chimene chili khansa ya kapamba. Zina zimayambira pakamwa pa njira ya ndulu ndipo zimachizika bwino kuposa khansa ya kapamba. Zina ndi kutupa kwa nthawi yaitali, ndipo kuno kwathu TB nayo imatha kuoneka ngati chotupa, makamaka kwa munthu amene ali ndi HIV. Funsani kuti madokotala akuganiza chiti, ndipo chifukwa chiyani.

Akakuuzani kuti chotupa sichingachotsedwe, musamve ngati akuti "pitani mukadikire". Pali opaleshoni yaing'ono yolambalalitsa ndulu kuti izitsikira m'matumbo podutsa njira ina, kapena kachubu koikidwa mkati mwa njira yotsekekayo. Chikasu chimatsika, kuyabwa kumatha, munthu amayambanso kudya ndi kugona. Amene anaonapo munthu akudzikanda mpaka magazi usiku wonse sangachepetse chithandizo chimenechi. Ululu nawo uli ndi mankhwala, morphine wamadzi amapezeka m'zipatala za boma, ndipo ku Salima kuli malo a Ndi Moyo amene ntchito yawo ndi kusamalira odwala otere pamodzi ndi mabanja awo.

Za kachubuko ndionjezere pang'ono, chifukwa mutha kudabwa dokotala akakana kukaika pamene opaleshoni yaikulu ili pafupi. Kafukufuku wa ku Netherlands wa 2010 anapeza kuti odwala oikidwa kachubu kaye anapeza mavuto aakulu ochuluka, 74 pa 100, poyerekeza ndi 39 mwa amene anangopita ku opaleshoni msanga. Kachubu kamatsegulira tizilombo ta m'matumbo khomo lolowera m'ndulu. Koma ngati opaleshoni ichedwa, kapena ndulu yagwidwa kale ndi tizilombo, kapena chikasu chakwera kwambiri, ndiye kamafunika. Zimatengera tsiku limene mwapatsidwa.

Maganizo anga ndi awa. Ngati sikani ikuonetsa kuti chotupa n'chochotseka, bambo akadali ndi mphamvu zoyenda okha kukafika kumsika, ndipo mafunso aja ayankhidwa mokhutiritsa, ine ndingavomere. Ngati chimodzi mwa zitatuzi chikusowa, ndingasankhe yolambalalitsa ndulu, ndipo sindingaone ngati ndawataya. Koma mwini thupi ndi bambo. Musawabisire. Anthu ambiri a msinkhu wawo amadziwa kale kuti zinthu sizili bwino, ndipo amakhala ndi zofuna kukonza. Abambo aakulu apite nawo kwa dokotala, aone chithunzicho ndi maso awo, afunse okha za mpeni.

Podikira tsiku, bambo adye pang'onopang'ono koma kawirikawiri: phala la soya, mazira, usipa, nyemba, chambo chowotcha m'malo mwa chokazinga popeza mafuta sakugayika bwino ndulu ikatsekeka. Aziyenda tsiku lililonse. Fodya ndi mowa asiyiretu. Ayezetse shuga, chifukwa chotupa cha kapamba chimamukweza ndipo shuga wokwera amachedwetsa bala kupola. Yambani kulankhula ndi achibale amene angapereke magazi.

Ndipo konzekerani za pogona. Akadzatulutsidwa m'chipatala musadzathamangire kubwerera ku Dwangwa. Kuchokera kumeneko kudzera ku Salima kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 200, ndipo nthawi ya dzinja msewu wa M5 umatha kuduka. Kutaya magazi ndi mafinya obisika zimatha kubwera sabata yachiwiri kapena yachitatu. Pezani wachibale ku Lilongwe woti akusungeni masabata awiri kapena atatu, ndipo musatuluke pa geti musanalembe m'kope muja nambala yoimbira usiku.